Wosamalira Nambala 63

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ntchito ya Mayi Zala inali kumvetsera anthu otopa. Ankafika ku ofesi seveni koloko isanakwane, kupachika juzi kuseri kwa chitseko, kuvala mahedifoni, n'kuyamba kutaipa chilichonse chimene anthuwo analankhula. Dzina lakuti Zala analitenga kusukulu yophunzitsa kutaipa, kumene aphunzitsi ankaimitsa kalasi yonse kuti ibwere idzaone mmene zala zimayendera zikapeza mwiniwake. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso cha ntchito, ndipo ngakhale mlonda wa pachipata, amene ankadziwa za aliyense, sankalidziwa.

Kaofesi kawo kanali pafupi ndi khomo la a Pulofesa, m'nyumba ya maphunziro a zaumoyo pa yunivesite. Kanalibe zenera. Munali tebulo, kompyuta, kabati yachitsulo yosatsekeka bwino, ndi chopondera chimene munthu amaimitsira kapena kubwezera mawu ndi phazi kuti manja asachoke pa ntchito. Chopondera chija chinali chitasalala pamalo a chala chachikulu cha phazi lamanja, chifukwa Mayi Zala ankavula nsapato akamataipa.

A Pulofesa anali katswiri wofufuza za anthu amene amasamalira abale awo odwala maganizo kapena olumala kunyumba. Anali atalemba mapepala a kafukufuku 47, mabuku awiri, ndi kabuku ka malangizo ka chikuto chobiriwira. Mndandanda wa zonsezi unapachikidwa pakhoma m'galasi. Pepala latsopano likasindikizidwa, mesenjala ankatsitsa galasilo, Mayi Zala n'kutaipanso mndandanda wonse kuyambira pamwamba, ndipo masana kunkabwera mabisiketi. Pepala loyamba linapeza kuti osamalirawo amatopa. Pepala lachisanu ndi chiwiri linapeza kuti ambiri mwa otopawo ndi akazi. Patapita zaka zina zisanu, lina linapeza kuti akatopa sauza munthu. Musaseke. Chinthu chimene aliyense akuchidziwa sichimveka kwa akuluakulu mpaka munthu wovala tayi atachilemba, ndipo a Pulofesa ankalemba ndi mtima wonse. Pepala lawo lina linachititsa kuti chipatala chitsegule chipinda chimene mabanja angasiyeko odwala awo masana. Chipindacho chinali ndi malo a anthu khumi ndi awiri, ndipo odikira malo anali opitirira mazana awiri.

Mawu oti ataipidwe ankabwera ndi mayi wina amene kale anali namwino, wa miyendo yotupa koma wosatopa ndi kuyenda. Iyeyu ankapeza anthu pamzere wolandirira mankhwala kuchipatala, kukhala nawo pa benchi kuseri kwa nyumba, n'kuwajambula mawu. Kale zinkabwera pa makaseti, kenako zinayamba kubwera m'kachipangizo kotalika ngati chala. Mayina sankabwera nawo ayi. Ankafika Wosamalira Nambala 8, Wosamalira Nambala 40, ndipo m'mapepala aja ankatulukamo ndi nambala yomweyo, ola lathunthu la kulankhula kwawo litadulidwa n'kutsala mizere iwiri. Mayi Zala nawonso ankatulukamo, kumapeto kwenikweni, m'zilembo zing'onozing'ono: tikuthokozanso wotaipa wathu.

Ntchitoyi inali ndi lamulo lake: wotaipa sakonza munthu. Akabwereza mawu kanayi, umawalemba kanayi. Akatsokomola, umalemba kuti watsokomola. Akasiyira chiganizo panjira, umachisiya pomwepo, ngakhale ukudziwa kumene chimapita. Akakhala chete, umawerenga masekondi n'kuwalemba. A Pulofesa ankauza alendo kuti chete wa Mayi Zala ndi wodalirika. Akalemba kuti masekondi asanu ndi anayi, ndiye kuti ndi asanu ndi anayi ndithu. Panalinso pepala limene Mayi Zala anasaina tsiku loyamba, lakuti zimene amva m'mahedifoni sadzazitulutsa kunja kwa kaofesi kaja. Zaka zonsezi sanatulutsepo ngakhale chifuwa cha munthu.

Anamva zambiri. Anamva mayi wina amene ankamangirira mwamuna wake ku bedi kuti apeze mpata wopita kumsika. Anamva bambo wina wokalamba amene ankapemphera kuti mwana wake atsogole kufa, popeza iye akayamba palibe wodzamusintha zovala. Zala zinkathamanga, nkhope osasintha. Mumtima ankawamvera chisoni, koma chisoni cha munthu amene kwake zinthu zili m'malo. Ankati anthuwa vuto lawo n'kusowa dongosolo.

Chimene a Pulofesa sankadziwa n'chakuti wotaipa wawo anali ndi mwana wotero kunyumba. Anali mmodzi yekhayo, wamwamuna, wa zaka 28, ndipo ankamutcha Bwana chifukwa iyeyo akadzuka nyumba yonse inkadzuka. Anabadwa movutikira ndipo ubongo wake unavulala. Sankalankhula, ankakoka mwendo wamanzere, ankagwa khunyu, ndipo anakula n'kukhala wamtali ngati bambo ake, amene ankawerama polowa pakhomo. Bambowo ankagwira ntchito yausiku ku fakitale yophika buledi, motero masana ankakhala ndi mwana, ndipo banjalo linkakumana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Anamwalira Bwana ali ndi zaka 16. Maliro atatha, mng'ono wawo wa Mayi Zala, amene nthawiyo ankaphunzira zosoka, anabwera ndi chikwama chimodzi kudzathandiza kwa miyezi itatu. Panali patapita zaka khumi ndi ziwiri, miyezi itatuyo isanathe.

Sikuti Mayi Zala ankachita manyazi ndi mwana wawo. Wonena zimenezo akanalandira mawu osataipika. Ankangodziwa chimene chimachitikira munthu akauza a Pulofesa nkhani yotere: amapatsidwa nambala. Iwo ankafuna malo amodzi padziko pano amene anali Mayi Zala basi, a zala zothamanga, osati amake a uje wodwala uja.

Madzulo aliwonse ankafika ndi buledi m'manja, n'kupeza Bwana atasamba, atakhala pampando wake pafupi ndi wailesi. Mafunso anali omwewo.

"Wadya?"

"Wadya, achemwali."

"Mankhwala?"

"Wamwa. Achemwali, ndimati mukapeza kanthawi..."

"Sopo, ndaona kale. Ndigula mawa."

Ndipo ankaguladi. Pa nkhani yogula palibe amene akanawaloza chala.

Lachiwiri lina m'mawa, namwino uja anasiya kachipangizo pa tebulo, nadandaula za miyendo yake, n'kumapita. Mayi Zala anavula nsapato, nataipa pamwamba pa tsamba kuti Wosamalira Nambala 63, wamkazi, zaka 39, n'kuponda chopondera. Kunamveka phokoso la pamzere, khanda likulira patali, kenako namwino akufunsa.

"Tandiuzani za tsiku lanu, kuyambira pamene mwadzuka."

"Sindidzuka ayi, amayi. Amandidzutsa."

Phazi la Mayi Zala linadzuka lokha. Mawu amenewo ankawadziwa kuyambira mwini wake ali woberekedwa kumsana. Anali mng'ono wawo. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse ndi iye amene ankakaima pamzere wa mankhwala a Bwana, ndipo namwino uja anangomupeza ngati mmene ankapezera ena onse.

Choyenera kuchita chinali chodziwikiratu: kuvula mahedifoni, kugogoda kwa a Pulofesa, n'kunena kuti uyu ndi wanga, mupezereni wotaipa wina. Koma wotaipa wina kunalibe, ndipo m'kaofesi kaja Mayi Zala anali asanasiyepo munthu pakati pa nkhani. Tisabisenso, ankafuna kumva. Anaponda.

Mng'ono wawo analankhula kwa ola limodzi ndi mphindi khumi. Mayi Zala sankadziwa kuti m'thupi laling'ono lija muli mawu ochuluka chonchi. Anafotokoza kuti Bwana salola kumetedwa ndevu pokhapokha wailesi ikulira, ndipo lezala liyambire tsaya lamanzere. Ukayambira lamanja, tsiku lonse laonongeka. Anafotokoza kuti samwa tiyi m'kapu ina iliyonse koma ya buluu yothyoka chogwirira, ndipo kapuyo itasowa nthawi ina, nyumba inasanthulidwa mpaka inakapezeka m'nsapato. Anafotokoza za khunyu, mmene umakankhira tebulo kutali n'kumugoneka cham'mbali. Zambiri mwa izi Mayi Zala ankazidziwa chapatali, ngati mmene munthu amadziwira za kwa aneba. Koma panali chimodzi chimene sankachidziwa n'komwe.

"Akapsa mtima amagunditsa mutu kukhoma," anatero mng'ono wawo m'mahedifoni. "Ukamugwira manja ndiye wamuonjezera moto. Ndimapita kumbuyo kwake, kumukumbatira m'chiuno, n'kutsamiritsa chipumi changa pakati pa msana wake. Ndiye ndimangong'ung'udza pakamwa potseka, osati nyimbo ayi, kungong'ung'udza basi. Amamva m'mafupa. Nthawi zina mphindi zisanu, nthawi zina theka la ola."

Mayi Zala ankaganiza kuti mwana wawo anasiya zimenezi kalekale. Ankati wakula.

"Nanga mayi ake amathandiza?" anafunsa namwino.

"Amagula zonse. Sitisowa kanthu."

Panali chete. Mayi Zala anawerenga, nalemba kuti masekondi khumi ndi awiri.

"Ndi munthu wabwino, musandimve molakwa. Kungoti akafika amafunsa za iyeyo. Wadya, wamwa mankhwala. Za ine kaya, mwina amaona kuti poti ndaimirira ndiye kuti ndili bwino."

Nkhani yeniyeni inali chakumapeto. Mnzake wina amene anaphunzira naye zosoka anali atatsegula malo osokera mayunifolomu m'tauni ina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Makina amodzi analibe munthu. Mnzakeyo anati amusungira mpaka Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo akapanda kufika apereka kwa wina.

"Ndili ndi zaka 39, amayi. Sindikufuna zambiri. Ndikufuna tsiku limodzi ndigone mpaka nditadzuka ndekha."

"Mwawauza achemwali anuwo?"

"Ndayambapo kangapo."

"Mukuopa kuti akana?"

"Sakana ayi. Angoti, khala. Ndipo akangonena kuti khala, ine ndikhala. Sindingathe kuwayankha. Ndikhala mpaka mmodzi mwa atatufe adzanyamulidwe."

Mayi Zala anataipa zonse. Anakwana masamba 26, opanda cholakwika ndi chimodzi chomwe. Atamaliza anavala nsapato, n'kukhala phee kuyang'ana khoma, pamene pakanakhala zenera. Choyamba anachita mantha: mng'ono wawo akachoka, Bwana atsala ndi ndani? Kenako anapsa mtima, kuti munthu wamkulu angakakhuthule za m'nyumba kwa mlendo pa benchi. Ndiye panabwera china chimene chinawachititsa manyazi, chifukwa chinali chokoma. Anali atauzidwa kumene mankhwala a vuto lonselo. Sipankafunika kukalipa, kulira, kapena kukumbutsa munthu za ubale. Pankangofunika liwu limodzi lija, khala, ndipo moyo ukanapitirira ngati kale. Kunali kutatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu.

Kunyumba, lamulo la chinsinsi linawakomera. Sakanatha kunena kanthu, poti anasaina. Anangoyamba kuona zinthu. Chikwama chija chinali pansi pa bedi, chitapukutidwa fumbi. Kuchipinda kwa Bwana, pafupi ndi chitseko, penti inali itachoka pamalo amodzi, pa msinkhu wa chipumi cha munthu wamtali; Mayi Zala anadutsapo kambirimbiri ndipo ankati ndi chinyezi. Anaonanso kuti mng'ono wawo amadya ataimirira, mbale ili m'manja, maso ali kumene kuli Bwana.

Lamulungu m'mawa anati, "Lero ndimumeta ndine."

Mng'ono wawo anawayang'ana ngati anena kuti akufuna kuyendetsa ndege. "Savomera wina aliyense, achemwali."

"Ndine wina aliyense ine?"

Anatsegula wailesi, n'kuyambira tsaya lamanzere. Bwana anawayang'ana cham'mbali, ngati munthu amene wapeza wometa wachilendo pamalo ake a masiku onse, koma anakhala. Anamucheka kawiri pachibwano. Mng'ono wawo anaima pakhomo ndi thaulo, ndipo sanafunse kuti za tsaya lamanzere azidziwa bwanji.

Musaganize kuti apa anali atasankha kale. M'mawa uliwonse ali m'basi ankaliyeseza liwu lija chamumtima, kuti alinene bwanji kuti limveke lachikondi. Ankadziuza kuti tauni yachilendo si malo a mkazi wa zaka 39 wopanda womudziwa, kuti mnzake wa mayunifolomuyo mwina ndi wa pakamwa chabe, kuti kumuletsa n'kumuthandiza. Zifukwa zinkabwera zokha, zitasamba n'kudzola. Anayesanso aneba awo, mayi wogulitsa nsapato zakale, ngati angamaonereko Bwana masiku ena. Anebawo anayamikira kwambiri mtima wa banjali, nanena kuti iwo msana unawathera kalekale, n'kusenza thumba lawo la nsapato kumapita.

Kutatsala masiku anayi, anagogoda kwa a Pulofesa. Anawapeza akukonza pepala latsopano, lonena za zimene zimalepheretsa osamalira kupempha thandizo.

"A Pulofesa, Nambala 63 ndi mng'ono wanga."

A Pulofesa anavula magalasi. "Mng'ono wanu weniweni?"

"Bere limodzi."

"Ndiye wodwala akumunenayo..."

"Mwana wanga."

A Pulofesa anakhala chete. Mayi Zala anawerenga mwachizolowezi, anafika masekondi 23.

"Zaka zonsezi, amayi, muli pakhomo pangapa. Bwanji simunandiuze?"

"Simunandifunse. Mumafunsa a pamzere."

A Pulofesa anayang'ana galasi lija pakhoma, kenako anayang'ana nsapato zawo. Anali munthu wabwino, ndipo munthu wabwino akachita manyazi amathamangira chimene amadziwa. Anati Nambala 63 iyenera kuchotsedwa m'kafukufuku, popeza wotaipa ndi wachibale, ndipo alemba kalata ku komiti yoona za malamulo. Anakumbutsa kuti za m'mahedifoni sizikambidwa kunyumba. Kenako anatsegula kabati, natulutsa kabuku kobiriwira kaja, n'kukapereka ndi manja awiri.

"Ndinataipa ndine kameneka," anatero Mayi Zala.

"Inde, inde." A Pulofesa anakabwezera m'kabati.

"Ndabwera kudzapempha kuti ndizitaipira kunyumba."

A Pulofesa anavomera masiku atatu pa sabata. Lolemba ndi Lachinayi, malamulo a yunivesite ankafuna kuti munthu aoneke pa tebulo pake. Za chipinda cha masana chija anati aimba foni, ndipo anaimbadi nthawi yomweyo, nadzitchula dzina ndi maudindo onse. Anayankhidwa mwaulemu waukulu kuti mwanayo alembedwa, ndipo akhala wa 214 pa odikira.

Mayi Zala anatuluka ndi masiku atatu m'manja, awiri alibe mwini. Sanadziwe kuti Lolemba ndi Lachinayi Bwana azitsala ndi ndani. Sanadziwenso kuti munthu angataipe bwanji makutu ali otseka ndi mahedifoni, mwana ali kuchipinda ndi khoma lake lija. Anabwerera m'kaofesi, n'kutaipa Nambala 64, bambo wina wosamalira mkazi wake, amene ankatsokomola kwambiri.

Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe, Bwana ali pa wailesi yake, mng'ono wawo anawapeza kukhitchini akutsuka kapu ya buluu.

"Achemwali."

Mayi Zala anatsegula pakamwa. Shuga anali atathadi, ndipo nkhani ya shuga inali kale pa lilime. Anatseka pakamwa, naika kapu pansi, n'kukhala pampando.

Mng'ono wawo anadikira kudulidwa mawu monga mwa masiku onse. Kudulidwako sikunabwere, ndipo zinamusokoneza. Anapukuta pa epuloni manja amene anali ouma kale.

"Munataipa?"

"Za kuntchito sindiloledwa kunena."

"Masamba angati?"

"Makumi awiri ndi asanu ndi limodzi."

"Ndinalongolola."

"Unatsokomola kasanu."

Anaseka pang'ono onse awiri, osayang'anana.

"Anamwino aja asanayambe anandiwerengera pepala," anatero mng'ono wawo. "Anati mawu anga adzamva anthu awiri okha, a Pulofesa ndi wotaipa wawo. Ndinafunsa kuti otaipawo alipo angati. Anati mmodzi yekha, zaka zonsezi, ndipo sadumpha kanthu."

"Ndiye unadziwa."

"Kuntchito kwanu munthu mumamumvera mpaka amalize."

Mawuwo anawalasa Mayi Zala. Anayang'ana zala zawo pa tebulo.

"Nanga zija unanena kumapeto, zoti ine ndikangoti... Unanenanso dala?"

"Dala. Sindinafune kuchoka ngati wakuba, achemwali. Mwanayu ndi wanganso. Ndinati mudziwe zonse, ndiye munene inuyo. Basi inyamuka mawa eyiti koloko. Mukanena, sindikwiya ayi. Ndingobweza chikwama pansi pa bedi."

Mayi Zala asanayankhe uku kapena uku, Bwana anamenya mpando kufuna tiyi, ndipo onse awiri anadzuka nthawi imodzi.

Loweruka m'mawa chikwama chinali pakhomo. Mng'ono wawo anavala diresi limene anadzisokera akali kusukulu, lothina pang'ono m'khwapa. Anawasonyeza mankhwala a m'mawa ndi a madzulo, ngakhale zinali zolembedwa pa botolo. Anawasonyeza khadi la kuchipatala, nafotokoza kuti pamzere paja munthu uzifika sikisi koloko, ukachedwa upeza zenera latsekedwa. Anabwereranso kukhitchini kukaona ngati mpopi watsekedwa bwino. Ankachedwa dala, ndipo onse awiri ankadziwa chimene akudikira.

Bwana sankalankhula, koma sanali wopusa. Anaona nsapato za ulendo, anaona chikwama, n'kudzuka pampando. Anakoka mwendo wake kupita kuchipinda. Kugunda koyamba kunagwedeza mbale m'kabati.

Mng'ono wawo anaika pansi kachikwama ka m'manja, n'kuyamba kupinda mikono ya diresi. Koma Mayi Zala anali atafika kale. Anamukumbatira mwana wawo m'chiuno, natsamiritsa chipumi pakati pa msana wake, n'kuyamba kung'ung'udza. Msanawo unali wotentha, wolimba ngati chitseko, ndipo sunawadziwe. Bwana anagundanso, n'kuwakokera kutsogolo, chidendene chake chitawaponda chala. Sizinkatheka. Kaya mawu awo anali okwera kwambiri, kaya otsika kwambiri. Zimenezo pa masamba aja panalibe.

"Achemwali," anatero mng'ono wawo ali pakhomo la chipinda. "Ndimugwire?"

Apa sipankafunikanso liwu lija. Kungosuntha pang'ono kunali kokwanira, ndipo basi ikanadzipitira yokha popanda wina kunena kuti anamuletsa. Ankaopa Lolemba, ankaopa mwana wawo yemwe, ndipo ankamufuna mng'ono wawoyo kuposa mmene anafunirapo munthu aliyense chibadwire. Anakanikiza chipumi mwamphamvu kuti nkhope isaoneke.

"Nyamula chikwamacho," anatero, mawu akutsamwira m'malaya a Bwana. "Basi ikusiya."

Panapita kanthawi. Kenako anamva chitseko chakunja chikutsekedwa pang'onopang'ono, ndipo iwo anapitiriza kung'ung'udza.